Musanagule hard disk ya Amiga 1200 yanu, werengani apa

Malangizo awa ni a iwo ali ndi Amiga 1200 kapena 600, makompyuta ya Commodore ya 1992 yaja, olo munaipeza mu katundu wa salaula olo abululu anakutumizirani kuchoka ku UK. Ya ku UK ni bwino chifukwa pulagi yake ya mano atatu ni imodzimodzi na yathu kuno ku Zambia ndipo malaiti yathu ya 230V siyazaiocha, koma ikakhala ya ku America musailowetse pa khoma mulibe transformer.

Choyamba yatsani makina mulibe floppy mukati, muone pa sikilini nambala ya Kickstart, pulogalamu ya mu chip ya ROM imene iyambitsa makina. 1200 izalemba 3.0 kapena 3.1, zonse zili bwino. Pa 600 ndiye pofunika maso, ikalemba 37.299 ndiye kuti chip ija siidziwa hard disk olo pang'ono, mufunika kusintha ROM musanaononge ndalama pa disk.

Manje disk yeniyeni. Mukati muli malo ya IDE ya 2.5 inch ya mapini 44, monga ya malaputopu yakale. SATA imene yadzala mumashopu mu town siilowa, olo wogulitsa akuuzeni ati ni nyowani ni yamphamvu, mukaneni chabe. Ya 3.5 inch ya mapini 40 ifuna waya wina wa malaiti ndipo power supply ya 1200 ni yofooka, isiyeni. Ndipo musathamangire ukulu. Kickstart 3.1 kubwerera kumbuyo imaona 4GB chabe, mukalemba kupitirira apo data imazungulira nkukafafaniza zimene zili koyambirira kwa disk, mungataye zonse usiku umodzi. 4GB pa makina awa ni munda waukulu maningi, floppy imodzi ya Amiga inyamula 880KB chabe, werengani nokha ni zingati zingalowemo.

Kwa ine chanzeru ni kugula CF card (CompactFlash, memory card ya makamera) ya 4GB na ka adapter ka CF to IDE 44 pin. Siichita chongo, siitentha, idya malaiti pang'ono, pamene ma disk yakale ya zaka makumi atatu yangafe tsiku lililonse. SanDisk kapena Transcend ndiye anthu ambiri amaika, koma chenjerani na ma card yabodza yochipa.

Poika, zimani nkuchotsa pulagi, masulani ma screw pansi, nyamulani keyboard pang'onopang'ono chifukwa ka lamba kake nkosalimba. Waya wa disk uli na mzere wofiira mbali imodzi, uja uyang'ane ku pin 1 pa board na pa adapter pomwe. Apa musafulumire, waya umodzi womwewo ndiye unyamula malaiti, mukaupindamutsa kapena kulumpha mzere wa mapini muzamva kununkha kwa chinthu chopsa ndipo basi yapita.

Mukatseka, yambitsani na floppy ya Install disk mutsegule HDToolBox, pulogalamu yogawira disk. Gawani disk, gawo loyamba DH0 la Workbench (system ya Amiga) likhale ling'ono, 200MB ikwana, zotsala mugawe koma gawo lililonse lisafike 2GB. Pa gawo lililonse sinthani MaxTransfer, malire ya data yopita nthawi imodzi, ikhale 0x1FE00 ndipo mudinde Enter mukalemba, mukaiwala Enter nambala siigwira. Ichi ambiri amachilumpha chifukwa poyamba zonse zioneka bwino, kenaka mafayilo yakulu yayamba kuonongeka mwakachetechete, gemu ingoima pakati inu nkumatukwana card yosalakwa.

Za malaiti kuzimazima, akapita makina ali pakati polemba, poyatsanso disk izayamba validating, kuzifufuza nkuzikonza yeka, kanyale ka disk nkumaphethira. Isiyeni itsirize yeka, musaizimenso. Ndipo mukaika card ija mu laputopu ya Windows izakufunsani ati format, chifukwa siiwerenga za Amiga. Dindani Cancel.