Momwe mungakonzere backup ya Windows ikamakanika mobwerezabwereza

Anthu ambiri amatulukira kuti backup ya kompyuta yawo, kutanthauza kope ya mafayilo yosungidwa padera, inafa kalekale tsiku lomwe akuifuna. Laputopu yabedwa kapena yakana kuyaka, munthu n'kuthamangira ku hard drive yosungira, n'kupeza kuti zomaliza kusungidwa n'za miyezi isanu yapitayo. Chonsecho kauthenga kakuti Reconnect your drive kankatulukira pakona pa sikirini tsiku ndi tsiku, iye n'kumangokatseka.

Tikambe za File History, pulogalamu yomwe Microsoft inaika mu Windows 8 mu 2012 ndipo ilipobe mu Windows 10 ndi 11. Ikayatsidwa, imakopera yokha mafayilo a mu Documents, Pictures, Music, Videos ndi Desktop ola lililonse, n'kuwaika mu hard drive yosungira. Musanakhudze chilichonse, gwirani mfundo iyi: musafomate hard drive, ngakhale mnzanu wodziwa makompyuta atakuuzani kuti ndiye mankhwala ake. Mukafomata mwafafaniza zonse zomwe zinasungidwa backup isanayambe kuvuta.

Yambani ndi chingwe

Zikumveka zachibwana, koma vuto limakhala pomwepa kawirikawiri. Zulani hard drive, muilumikize pa bowo lina la USB. Ngati ndi kompyuta ya padesiki, gwiritsani ntchito mabowo akumbuyo, chifukwa akutsogolo nthawi zina sapereka mphamvu yokwanira. Chotsaninso kachipangizo kogawa USB kaja ngati kalipo. Muli ndi chingwe china? Yesani chimenecho.

Kenako tsegulani This PC muone ngati hard drive ikuoneka. Ikaoneka, pitani ku Control Panel, System and Security, File History, dinani Select drive, musankhenso hard drive yomweyo, kenako Run now. Anthu ambiri vuto limathera apa.

Onani malo otsala

File History ikangoyatsidwa imasunga mtundu uliwonse wa fayilo mpaka kalekale. Lipoti lomwe mwalikonza kakhumi limakhalamo kakhumi. Hard drive ikadzaza, backup imaima. Dinani Advanced settings, pa Keep saved versions musinthe kuchoka pa Forever, musankhe 1 year kapena Until space is needed. Pomwepo pali Clean up versions, yofufutira zakale kwambiri.

Onaninso mtundu wa fomati. Dinani batani lakumanja la mawusi pa hard drive, musankhe Properties. Mukaona FAT32, dziwani kuti silola fayilo imodzi yoposa 4 GB, choncho vidiyo yaitali ya ukwati singalowemo. Yoyenera ntchito imeneyi ndi NTFS. Mukafuna kusintha, samutsirani kaye zonse kwina.

Apa ndinenepo za mafulashi otsika mtengo modabwitsa. Ena amalembedwa kuti ndi aakulu pomwe mkati mwake malo ndi ochepa, ndipo akadzaza amangoononga mafayilo mwakachetechete. Pulogalamu yaulere ya H2testw imayeza kukula kwenikweni. Ine sindingaike backup ya ntchito yanga pa fulashi, makamaka yomwe imazungulira m'malo osindikizira mapepala n'kubwerako ndi mavairasi.

Werengani zomwe Windows yalemba

Apa ndi pomwe ambiri amadumpha, koma ndi pomwe pali yankho lenileni. Mu Advanced settings momwemo, pansi pali mawu akuti Open File History event logs. Mukadina, patuluka mndandanda wa zolakwika pamodzi ndi tsiku komanso nthawi yake. Musachite mantha ndi Chingelezi chake. Funani dzina la fayilo kapena foda lomwe likubwerezabwereza.

Nthawi zambiri mupeza fayilo ya dzina lalitali. Mapulogalamu ambiri a Windows salola kuti njira yonse yofikira pa fayilo ipitirire zilembo 260, kuwerengera mayina a mafoda onse. Tsono File History imatalikitsa njirayo: imaika fayilo mkati mwa foda ya FileHistory, kenako ya dzina lanu, ya dzina la kompyuta, ya Data, ndipo kumapeto kwa dzina la fayilo imaonjezera tsiku ndi nthawi. Fayilo yomwe imatseguka bwinobwino pa kompyuta ikhoza kukanika kulowa mu backup chifukwa cha zimenezi. Ophunzira a kukoleji ndi omwe zimawagwera kwambiri, poti amasunga pepala la kafukufuku ndi mutu wake wonse, mkati mwa mafoda asanu ndi limodzi. Fupikitsani dzinalo, kapena sunthirani fodayo pafupi ndi Documents.

Ngati pali foda yosafunika yomwe ikusokoneza, ichotseni pa mndandanda podina Exclude folders.

Magetsi akathima backup ili mkati

Kwathu kuno izi n'zosachita kufunsa. Kompyuta ya padesiki yopanda UPS (batire losunga magetsi akathima) ikazima ikulemba, hard drive imatha kusokonekera. Chimodzimodzi mukaizula osadina kaye Eject. Kuti mukonze, lembani cmd pa Start, sankhani Run as administrator, kenako lembani chkdsk E: /f n'kudina Enter. M'malo mwa E ikani chilembo cha hard drive yanu. Isiyeni imalize, musaidule pakati.

Koma tcherani khutu kaye. Hard drive ikamalira kuti tiki tiki, kapena ikamazimiririka n'kubweranso yokha, musaiyendetse chkdsk. Imeneyo ikufa. Koperani zofunika kwambiri msanga, mugule ina. Pulogalamu ya CrystalDiskInfo imaonetsa thanzi la hard drive: ikalemba Caution, musaidalirenso.

Pa laputopu, Windows imagonetsa mabowo a USB pofuna kusunga batire, zomwe zingasokoneze backup. Pitani ku Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, USB settings, muike USB selective suspend setting pa Disabled.

Zikakanikabe

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani services.msc. Pezani File History Service ndi Windows Search, muonetsetse kuti palibe yomwe ili pa Disabled, ndipo muziyambitsenso.

Chomaliza ndi kuiiwalitsa File History makonzedwe ake akale. Izimitseni podina Turn off. Pa Windows ndi R lembani %localappdata%\Microsoft\Windows\FileHistory, mupeza foda ya Configuration. Musaifufute, ingoisinthani dzina kuti mukalakwitsa muibwezere. Bwererani ku Select drive, ndipo chongani kabokosi kakuti I want to use a previous backup on this File History drive. Mukakaiwala, Windows iyamba backup yatsopano pambali, yakale ija n'kusiya kuoneka pa mndandanda wobwezeretsa ngakhale ikadali mu hard drive.

Kwa amene mumasungira pa intaneti, nkhani yake ndi ina pang'ono. OneDrive yaulere imapereka 5 GB, Google Drive 15 GB yogawana ndi Gmail ndi Google Photos, ndipo malo akatha kutumiza kumaima. OneDrive imaimanso yokha ikaona kuti intaneti yanu yaikidwa pa Metered connection, zomwe ambiri timachita dala tikamagwiritsa ntchito hotspot ya foni kuopa kutha kwa bandulo. Dinani kamtambo kali pafupi ndi wotchi, muuze kuti ipitirize mukakhala pa Wi-Fi.

Yesani kubwezeretsa fayilo imodzi

Lembani kafayilo mu Documents, mukatche mayeso. Dinani Run now, dikirani imalize, kenako fufutani kafayiloko. Tsegulani Restore personal files, kapezeni, dinani batani lobiriwira lili pansi. Kakabwerera n'kutseguka, backup yanu yachira. Muzisuzumira pa tsamba la File History Lachisanu lililonse musanaweruke: pansi pa dzina la hard drive pamalembedwa tsiku ndi nthawi yomwe mafayilo anakoperedwa komaliza.