Kufufuza Dzina la Chingerezi la Pabanja Panu

Kuno ku Lusaka alipo mabanja otchedwa Smith, Taylor kapena Cooper, ena chifukwa cha mzungu amene anakwatira kwathu kuno nthawi ya Northern Rhodesia. Musathamangire pa intaneti. Yambani mwakhala pansi ndi agogo, muwafunse dzina loyamba la bamboyo, ntchito yake, dera limene anabadwira ndi chaka chimene anafika.

Kenako pitani ku National Archives of Zambia ku Ridgeway, kumene amasunga zolemba zakale za boma, mukafufuze za bamboyo. Mukadziwa chaka chimene anabadwa, sakani pa FreeBMD, tsamba la pa intaneti la mndandanda wa obadwa, okwatirana ndi omwalira ku England, mpaulere. Boma la England linayamba kulemba obadwa mu 1837.

Tanthauzo silivuta: Smith anali wosula zitsulo, Taylor telala, Cooper wokhoma migolo. Chovuta n'chakuti Smith ndiye dzina lofala koposa ku England. Ine John Smith woyamba kumupeza sindimukhulupirira, mpaka dera lobadwira ligwirizane ndi zimene agogo ananena.