Musanapatse timu dzina la mtundu wa yunifolomu

Ngati mukufuna kuti dzina la timu yanu litchule mtundu, monga wofiira kapena wakuda, yambani mwaonetsetsa kuti yunifolomu ya mtunduwo muzidzaipeza chaka ndi chaka, chifukwa ochemerera amayembekezera kuona m'bwalo zimene dzinalo likunena. Timu ya rugby ya New Zealand imatchedwa All Blacks, ndipo imavaladi zakuda kuyambira jezi, kabudula mpaka sokosi.

Konzaninso yunifolomu yachiwiri yosiyana kwambiri ndi yoyambayo, poti tsiku lina mudzakumana ndi timu yovala ngati inu. Pamenepa musadalire kusiyana kwa zofiira ndi zobiriwira, chifukwa pafupifupi mwamuna mmodzi mwa amuna 12 alionse amavutika kusiyanitsa mitundu, makamaka iwiriyi, ndipo vutoli silisiya osewera kapena oyimbira. Ngati yoyambayo ndi yakuda kapena yofiira, yachiwiriyo ikhale yoyera.