Momwe mungapangire pepala la gumbwa ngati mmene ankachitira ku Egypt wakale

Mukamva za gumbwa, ambiri mumakumbukira kabokosi kamene mayi ake a Mose anaikamo khanda lawo m'mbali mwa mtsinje wa Nile. Chomera chomwecho chimamera m'madambo a kwathu, monga ku Elephant Marsh m'chigwa cha Shire komanso ku Bangweulu ku Zambia, ndipo ndi chimene anthu a ku Egypt ankapangira pepala lotchedwa papyrus. Mpukutu wakale kwambiri wa pepalali, wosalembedwapo kanthu, unapezeka m'manda a nduna ina dzina lake Hemaka ku Saqqara, ndipo ndi wa zaka pafupifupi 2,900 Yesu asanabadwe. Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti luso limeneli silifuna makina kapena guluu. Limangofuna mpeni wakuthwa, madzi, nsalu zakale, matabwa awiri, njerwa ndi kudekha.

Yambani ndi kudula mapesi okhwima koma obiriwira. Phesi la gumbwa lili ndi ngodya zitatu ndipo limatha kutalika mamita anayi kapena asanu. Tengani chigawo cham'munsi chifukwa n'chonenepa. Ku dambo musapite nokha. Pitani ndi munthu wodziwa malowo, pakuti kumene kuli gumbwa nthawi zambiri kulinso ng'ona ndi mvuu. Dulani mapesiwo motalika masentimita 30 kapena 40, ndipo musawagoneke mpaka aume.

Kenaka sendani khungu lobiriwira kuti mutsale ndi mkati moyera, mofewa ngati mwa phesi la chimanga. Khungulo musataye. Eni luso ankalukira zingwe, nsapato ndi madengu.

Apa ndiye pagona ntchito. Lezani mkati muja m'litali mwake kuti mupeze timizere topyapyala, ndipo yesetsani kuti tonse tifanane kukhuthala. Kamzere kamodzi kakanenepa kuposa anzake, pepala lonse limatuluka ndi nthiti, inki n'kumakodwa pamenepo. Oyamba kumene amathamangira kuti amalize phesi, koma ndi bwino kutaya timizere khumi tokhota kusiyana n'kuwononga pepala limene mwalidikira masabata awiri. Mukaleza, pinimbizani timizereto ndi botolo pa thabwa, kapena menyani pang'onopang'ono ndi nyundo yamtengo, mpaka madzi atuluke ndipo tiyambe kupindika osathyoka.

Tiviikeni m'madzi oyera kwa masiku atatu mpaka asanu ndi limodzi, mukumasintha madziwo tsiku lililonse. Mukaviika masiku ochuluka, pepala limadera.

Tsopano yalani chitenje chakale pa thabwa. Ndanditsani timizere chopingasa, kalikonse kakwere pang'ono chabe pa mlomo wa kanzake kuti pasakhale mpata. Pamwamba pake ndanditsani tina choimirira, kuti magulu awiriwa adutsane. Musaluke ngati mphasa, ndipo musapake guluu: timadzi ta m'gumbwa momwemo ndi ulusi wake ndi zimene zimagwirana zikapanikizidwa. Phimbani ndi nsalu ina, ikani thabwa lachiwiri, n'kusanjikapo njerwa zolemera. Sinthani nsalu zonyowazo tsiku ndi tsiku, apo ayi nkhungu igwira. Pakatha sabata limodzi tulutsani pepalalo, liumireni pamthunzi, ndipo likwecheni ndi mwala wosalala kapena chigoba cha nkhono.

Polemba, sankhani mbali imene ulusi ukuyenda chopingasa, chifukwa cholembera chimatsetsereka bwino. Alembi a ku Egypt ankamata mapepala, kawirikawiri 20, kukhala mpukutu umodzi, mbali imeneyi ili mkati. Mipukutu ina inkatalika zedi: Papyrus Ebers, wa zamankhwala, wa cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe, ndi wa mamita pafupifupi 20 ndipo akusungidwa ku Leipzig ku Germany.

Inki yakuda ankaipanga ndi mwaye wosakaniza ndi utomoni wa mtengo wa mtundu wa mthethe ndi madzi pang'ono. Yofiira inkachokera ku dothi lofiira lopera bwino, longa katondo, ndipo ankalembera mitu ya nkhani. Cholembera chinali kaudzu kam'dambo kotafunidwa kunsonga kuti kakhale ngati kaburashi.

Ngati mukufuna kujambula munthu m'kalembedwe kawo, yambani ndi timabokosi tofanana, 18 kuchokera kuphazi kufika pamene tsitsi limayambira pachipumi. Nkhope ndi miyendo ziyang'ane cham'mbali, koma diso ndi mapewa ziyang'ane kwa inu. Sikuti ankalephera kujambula. Ankafuna kuti chiwalo chilichonse chioneke mbali imene chimadziwika bwino. Jambulani kaye ndi inki yofiira, mukonze ndi yakuda, ndipo utoto ubwere pomaliza. Amuna ankawapaka khungu lofiirira, akazi lachikasu. Chitsanzo chabwino ndi Papyrus of Ani ku British Museum ku London, pomwe mtima wa womwalira ukuyezedwa pa sikelo ndi nthenga.

Sikuti gumbwa anali wa zachipembedzo zokha. Mu 2013 gulu la Pierre Tallet, katswiri wofukula zakale wa ku France, linapeza ku Wadi al-Jarf, m'mbali mwa Nyanja Yofiira, zolemba za kapitawo Merer, yemwe ankalemba za tsiku ndi tsiku momwe anyamata ake ankatutira miyala pa ngalawa kuchokera kumalo osema miyala ku Tura kupita ku Giza, komwe kuli mapiramidi, m'masiku a mfumu Khufu. Zinapulumuka zaka zoposa 4,500 chifukwa cha kuuma kwa chipululu. Kwathu kuno dzinja ndi lachinyontho, choncho pepala lanu liikeni mufelemu yagalasi kapena pakati pa makatoni awiri, kutali ndi khoma lonyowa ndi chiswe.