Momwe mungalembere malo omwe mavu osaka njuchi akupezeka

Ndikafika pamchenga wouma, wopanda udzu wambiri, pomwe dzuwa limawomba tsiku lonse, ndimayamba ndagwada. Ndimafunafuna timauna tokhala ndi kamulu ka mchenga pakhomo, ngati wina wangosesa kumene. Eni ake akhoza kukhala Philanthus triangulum, mavu okumba pansi amene katswiri wa tizilombo Fabricius anawapatsa dzina mu 1775. Amapezeka m'madera ambiri a ku Ulaya, ku Middle East ndi mu Africa mpaka ku South Africa.

Mapu a malo omwe amapezeka sakhala chimodzimodzi chaka ndi chaka. Ku Britain kale ankaoneka m'malo ochepa, monga Isle of Wight ndi Suffolk, koma kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anafalikira kumpoto mpaka kukafika ku Yorkshire. Izi zinadziwika chifukwa anthu ankalemba zomwe aona, tsiku ndi malo. Ntchito imeneyi ndi yomwe ndikufuna muigwire nanunso.

Pitani masana kukatentha, khalani pansi cha patali pang'ono ndi una, ndipo dikirani. Musafulumire kujambula chilichonse chachikasu chomwe chauluka, pakuti mavu ofanana nawo ndi ambiri. Chizindikiro chomwe ine ndimachikhulupirira ndi katundu wawo. Aakazi amabwera akuuluka molemedwa, atakumbatira njuchi kumimba, njuchiyo ili chagada. Amakhala ataibaya ndi mbola kuti ifooke koma isafe, ikhale chakudya cha mphutsi zawo pansi pa nthaka. Akatera amafukula khomo ndi miyendo yakutsogolo, mchenga uli waa kumbuyo, kenako n'kulowa nayo. Una umenewu ukhoza kutalika mpaka mita imodzi.

Chonde musasunthe miyala, timitengo kapena chikwama chanu pafupi ndi khomo. Wasayansi Niko Tinbergen, akufufuza mavu omwewa ku Netherlands, anazunguliza una ndi zipatso zouma za paini, kenako anazisunthira pambali mavu atachoka. Pobwera anakatera pakati pa zipatsozo, pomwe panalibe khomo. Amazindikira kwawo poona zinthu zozungulira, ndiye mukazisokoneza mumawasocheretsa ali ndi katundu.

Jambulani kawiri kapena katatu: nkhope, yomwe ili ndi chizindikiro choyera ngati kachisoti kachifumu, msana wachikasu wa mawanga akuda, ndi malo onse kuti nthaka ioneke. GPS ya foni ikhale yoyatsa. Zithunzizo ikani pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti pomwe anthu amaika zithunzi za zamoyo zomwe aona. Ena akatsimikiza dzina, zikhoza kulowa m'nkhokwe ya pa intaneti ya zolemba za zamoyo yotchedwa GBIF, komwe ofufuza amatenga zopangira mapu.

Ngati mwakayika, lembani Philanthus basi, odziwa adzamaliza. Dzina lolakwika limaika mavu kudera komwe kulibe. M'kabuku kanga ndimalembanso chiwerengero cha mauna, mtundu wa nthaka, ndi ngati pafupi pali ming'oma ya njuchi. Chaka chamawa, mwezi womwewo, ndimabwerera pamalo omwewo kukawerenganso.