Momwe mungalondolere makolo achijeremani m'kalembera wakale wa ku America malire akasintha

Anthu ambiri ofufuza makolo awo achijeremani ku United States amakakamira pamalo amodzimodzi. Banja likupezeka bwinobwino m'kalembera wa chaka china, koma mu wotsatira lasowa. Kawirikawiri anthuwo sanasamuke. Anali pamunda womwewo, chomwe chinasuntha ndi malire a county kapena a township. County ili ngati boma, township ndi kachigawo mkati mwake, ndipo masamba a kalembera anasanjidwa motsata zigawo zimenezi monga zinalili chaka chimenecho.

Yambirani pafupi, muzibwerera m'mbuyo. Kalembera wa ku America amachitika zaka 10 zilizonse kuyambira 1790, ndipo mayina amabisidwa kwa zaka 72. Waposachedwa amene mungawerenge ndi wa 1950, yemwe anatsegulidwa pa 1 April 2022. Zithunzi za masamba zili pa webusaiti yofufuzira makolo ya FamilySearch mwaulere, mungolembetsa dzina. Pezani munthu amene mukumudziwa bwino mu 1950 kapena 1940, kenako muzitsika kalembera mmodzimmodzi. Osadumpha. Wodumpha amatola Johann Miller wa eni ake n'kumuyesa agogo.

Chaka chilichonse chili ndi zake. Wa 1900 ndiye wonona: muli mwezi ndi chaka chobadwa, chaka chimene munthu analowa m'dzikomo, zaka za ukwati, komanso ana amene mayi anabereka ndi amene ali moyo. Pa unzika mupezapo Al kutanthauza kuti akadali mlendo, Pa kuti anapereka mapepala oyamba, Na kuti unzika anaulandira. Wa 1920 amaonjeza chaka cholandirira unzika, ndipo chifukwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itangosokoneza malire a ku Ulaya, alembi anauzidwa kuti kwa obadwira ku Germany azilemba chigawo kapena mzinda. Ena anamvera, ena ayi, koma yang'anani. Wa 1890 muiwale, pafupifupi wonse unawonongeka ndi moto ku Washington mu 1921. Mpata wa zaka 20 umenewo mungautseke ndi kalembera wa state (chigawo chachikulu cha dzikolo, chokhala ndi ma county ambiri), monga wa New York wa 1892 kapena wa Wisconsin wa 1895. Wa 1880 ndiye woyamba kunena chibale cha aliyense ndi mwini nyumba.

Musathamangire pa 1860 ndi 1870. Germany ngati dziko limodzi inadzakhalapo mu 1871, choncho alembi ankauzidwa kulemba Baden, Bavaria, Württemberg, Hesse-Darmstadt kapena Prussia. Munthu amene mu 1900 angomulemba kuti "Germany" atha kukuululirani chigawo chake pamenepa. Prussia yokha musakondwere nayo kwambiri: inali yaikulu zedi, ndipo mbali zake zina, monga Posen, lero zili ku Poland. Wa 1850 ndi woyamba kutchula dzina la aliyense m'nyumba amene sanali kapolo. Kuyambira 1840 kubwerera m'mbuyo mupeza dzina la mwini nyumba lokha, ena onse ndi manambala m'magulu a misinkhu.

Mayina ndiwo msampha woyamba. Mlembi wolankhula Chingerezi ankalemba zimene wamva pakhomo. Schneider anasanduka Snyder, Jäger anakhala Yeager, Klein n'kukhala Cline. Ena anamasuliridwa kumene: Zimmermann kukhala Carpenter, Fuchs kukhala Fox. Posaka pa kompyuta sinthanitsani B ndi P, D ndi T, F ndi V, K ndi C. Mayina a ubatizo nawonso amasokoneza, chifukwa anyamata atatu a bambo mmodzi atha kukhala Johann Georg, Johann Peter ndi Johann Adam. Lomwe ankaitanidwa nalo ndi lachiwirilo, ndiye m'kalembera funani George, Peter ndi Adam. Zaka zikasiyana ndi ziwiri kapena zitatu musadabwe, woyankha mlembi nthawi zina anali mwana kapena mnansi.

Mukayesa zonsezi banja osapezeka, pitani ku mapu. Tiyerekeze banja lolima pafupi ndi Schaefferstown, mu Heidelberg Township ku Pennsylvania. Mu 1770 munda wawo unali mu Lancaster County. Mu 1785 anadula Dauphin County kuchokera ku Lancaster, ndiye mu 1790, 1800 ndi 1810 banjalo mulipeza ku Dauphin. Mu 1813 kunabadwa Lebanon County, ndipo kuyambira 1820 mayina awo ali kumeneko. Maboma atatu, khomo limodzi. Chofunika kudziwa n'chakuti mapepala sasamuka ndi malire. Chikalata chogulira malo cha 1770 chili ku Lancaster, wilo ya 1800 ili ku Harrisburg, likulu la Dauphin, ndipo ku Lebanon mukangotaya nthawi mukakazifuna kumeneko.

Palinso vuto la mayina ofanana. Pennsylvania ili ndi Heidelberg Township ku Lebanon, ku Berks, ku Lehigh ndi ku York. Ya ku Berks inagawikanso, pakabadwa Lower Heidelberg, North Heidelberg ndi South Heidelberg. Choncho dzina la township lopanda county ndi chaka lilibe ntchito.

Konzani tebulo la mizere itatu: chaka cha kalembera, county, township. Malire a county muwapeza pa Atlas of Historical County Boundaries ya Newberry Library ya ku Chicago, yomwe ili pa intaneti. Mumasankha state ndi tsiku, iyo n'kukuonetsani malire a tsikulo. Koma atlasiyi sionetsa township. Za township funani m'mabuku a mbiri ya county, ambiri mwa iwo osindikizidwa cha m'ma 1880, ndi m'mapu akale osonyeza dzina la mwini munda uliwonse. Ku Pennsylvania kugawa township kunkadzera ku khoti la Quarter Sessions, ndiye zikalata zake zili m'mabuku a khotilo.

Ku Ohio, Indiana, Illinois, Wisconsin ndi Missouri mawu oti township ali ndi matanthauzo awiri. Pali ya ulamuliro, yokhala ndi dzina, imene imasintha. Palinso ya opima malo: mamailosi 6 mbali zonse, yogawidwa zigawo 36 za maekala 640 chilichonse, yodziwika ndi manambala a township, range ndi section. Iyi sisuntha. Mukapeza manambalawa pa chikalata cha malo, kapena pa webusaiti ya zikalata za malo ya General Land Office Records ngati munthuyo anagula kwa boma la United States, ikani munda pa mapu, ndipo muona township ya ulamuliro imene munagwera munda umenewo chaka ndi chaka.

Njira yotsimikizira ndi anansi. Mlembi ankayenda khomo ndi khomo, ndiye lembani mabanja 10 a pamwamba ndi 10 a pansi pa banja lanu. M'kalembera wotsatira sakani mnansi wa dzina losavuta kulemba. Mukamupeza mu township ya dzina lina, tsegulani masambawo muwerenge ndi maso mzere uliwonse, osadalira mndandanda wa pa kompyuta. Anansi atatu kapena anayi akakhala omwewo, ndiye kuti malire ndiwo anayenda. Akakhala achilendo okhaokha, banja linasamukadi. Njirayi imakanika pa masamba ena a 1790 mpaka 1820 amene mlembi anakopera motsata alifabeti. Pamenepo gwiritsani ntchito kaundula wa msonkho, yemwe ankalembedwa pafupipafupi kuposa kalembera.

Kalembera sangakufikitseni ku Germany pa yekha, chifukwa kumeneko mabuku a ubatizo ndi ukwati ankasungidwa parishi ndi parishi. Mufunika dzina la mudzi. Lifuneni m'kaundula wa tchalitchi cha Lutheran, Reformed kapena Katolika chapafupi ndi mundawo, makamaka pa ukwati ndi maliro. M'mapepala a unzika a kuyambira kumapeto kwa September 1906, amene amatchula malo obadwira. Ndi m'mndandanda wa okwera sitima ku Hamburg wa 1850 mpaka 1934. Ya ku Bremen yambiri inawonongedwa. Mudzi ukapezeka, uyang'aneni pa Meyers Gazetteer, mndandanda wa midzi ndi mizinda ya Germany yakale, kuti mudziwe chigawo chake ndiponso ngati unali ndi tchalitchi chakechake, kenako mutsegule webusaiti ya mabuku a tchalitchi: Archion ngati makolowo anali Apulotesitanti, kapena Matricula ngati anali Akatolika.