Malangizo kwa a ku Zambia okhala ku Johannesburg: macenjezo a nyengo ndi malamulo a kugombe

Ku Zambia kulibe nyanja ya mcele, nayenso Johannesburg ali kutali ndi mafunde. Koma amene timayendetsa matilaki pa mseu wa N3, kapena kudikila makontena ku City Deep, nsima yathu imacokela kudoko la Durban. Mu Epulo 2022 madzi osefukila anapha anthu oposa 400 ku KwaZulu-Natal, cigawo cimene kuli Durban, mseu wopita kudoko unaonongeka, katundu n'kuima. N'cifukwa cake malangizowa ni athunso.

Musananyamuke, onani macenjezo a South African Weather Service. Amayambila pa 1 kufika pa 10. Acikasu ni 1 mpaka 4, a olenji 5 mpaka 8, ofiila 9 na 10. Akalengeza la olenji kapena lofiila, kambilanani na abwana anu ulendo uyambe waima. Mlatho ukamila, musauoloke ngakhale tilaki ili yolema bwanji.

Kwa amene mufuna kugula puloti kapena kucita lendi pafupi na nyanja, apa m'pofunika kudekha. Lamulo la Integrated Coastal Management Act la 2008 limati gombe ni la anthu onse. M'matauni, malo a mamita 100 kucoka pamene madzi amafika nyanja ikadzala ni otetezedwa. Kumidzi ni kilomita imodzi. Pitani ku khonsolo mukafunse ngati analemba mzele wa malile a zomangamanga, ndipo muone mbali imene puloti ili musanapeleke ndalama. Ambili sadziwa mfundo iyi, koma ni yaikulu: nyanja ikayamba kudya malo anu, simungakakamize boma kuti liwateteze, ndiponso simungamange cipupa canu pagombe popanda cilolezo. Milu ya mcenga na zomela zake musazicotse, ndizo zimacepetsa mphamvu ya mafunde.

Lamulo la Climate Change Act la 2024 limafuna kuti zigawo na makhonsolo akuluakulu afufuze ngozi zobwela na kusintha kwa nyengo, kenako alembe mapulani. Khonsolo ikaitana anthu kukapeleka maganizo, pitani, makamaka inu okhala m'mbali mwa mitsinje na m'malo otsika.

Pakagwa ngozi, imbani 112 pa foni yam'manja. Siifuna ndalama.